Misozi ya a Makaniko

Chidwalire sitiroko, a Makaniko anatsala ndi zinthu ziwiri zokha zowamvera: makutu ndi dzanja lamanzere. Mbali yonse yamanja inali ngati yobwereka. Pakamwa panapindikira uko, ndipo mawu aja ankamveka kuchokera m'galaja mpaka kutsidya kwa msewu anasanduka kubuula kopanda mutu. Nzeru zinali zonse, ndipo apa ndi pamene panali powawa. Ankamva chilichonse, ankamvetsa chilichonse, koma akati agwedeze mutu kuvomera, khosi linkaupititsa cham'mbali, akati akane, linkaugwetsera pachifuwa. Sipanatenge nthawi, anthu analeka kuwafunsa mafunso ofuna yankho.

Panalinso nkhani ya misozi. Tsiku lotuluka m'chipatala adokotala ananena poyera kuti matendawa amamasula misozi, moti phokoso lokwera kapena lodzidzimutsa likhoza kumuliza wodwala iye asakumva chisoni chilichonse. Koma nthawi imeneyo akazi awo ankamanga zikwama, mwana wawo wamkazi wachisamba anali pamzere wa mankhwala, mwamuna wake, mkamwini wawo, anali panja kufunafuna poimika galimoto. Amene anamva bwinobwino anali wodwala yekha, uja sakanatha kukumbutsa munthu.

Anawatengera kunyumba kwa wachisambayo, nyumba yaukhondo ya matailosi oterera, momwe aliyense ankayenda monyang'ama kuopa kusokoneza odwala. M'mawa mkamwini ndi mkazi wake ankawanyamula m'khwapa n'kuwakhazika pampando waukulu wa pabalaza, moyang'anizana ndi kanema. Ankawatsamiza mapilo, kuwayala kathaulo pachifuwa, iwo n'kuthamangira kuntchito.

Moyo wa a Makaniko unali masana. Akatha kudya, akazi awo ankakoka kampando n'kukhala kumanzere, kudzanja lamoyo lija, ali ndi kantchito m'manja, kaya kusoka mabatani, kaya kuwawenga zikhadabo. Ndiye ankayamba kulankhula. Mayi amenewa zaka zonse za banja ankasowa polowetsa mawu, poti mwamuna wawo anali wailesi yosazima, tsopano bwalo linali lawo. Ankanena za woyandikana nawo amene wagula firiji yosalowa pakhomo, za kukwera kwa sopo, za mlamu wawo wosabweza poto. Nthawi zina ankakangana nawo odwalawo, n'kumadziyankha okha mbali zonse ziwiri.

"Ndikudziwa chimene mukufuna kunena. Mukuti ndikuwononga sopo. Khalani chete, abambo, wochapa si inu."

A Makaniko ankaseka cham'kati n'kufinya chala cha akazi awo. Nthawi imeneyo yokha ndi imene ankadzimva kuti akadali munthu, osati katundu wonyamulidwa m'khwapa.

Koma foni inkalira kawirikawiri. Mwana wawo mzime, wokwatiwa kumzinda wakutali wokwerera basi, anali ndi pakati povuta. Madokotala anamuuza kuti agone osadzuka mpaka atachira, ndipo mwamuna wake ankagwira ntchito yoyendayenda. Ankalira pafoni kuti amayi ake abwere.

"Mwana wanga, bambo ako ndiwasiyire ndani?" ankatero mayiwo. "Mkulu wako ndi alamu ako amachoka m'mawa. Wowadyetsa ndi kuwasambitsa tikhoza kumupeza, nanga wocheza nawo? Ndikangoti ndituluke pabalaza pano maso amandiperekeza mpaka kukhomo."

A Makaniko ankamva zonsezi. Manyazi ankawagwira, poti mzimeyo anali mwana wawo wapamtima, koma pansi pa manyaziwo mtima unkakhala m'malo. Tinene zoona, anali ndi mantha. Ankaopa kutsala m'nyumba yoterera ija popanda munthu mmodzi yekhayo amene ankalankhula nawo ngati akadalipo.

Zinthu zinasokonekera Loweruka lina masana. Mayiwo anapita kukagula mankhwala, wachisamba anali kukhitchini, mkamwini anatsala akulondera apongozi ake, rimoti ili m'manja. Anali munthu wabwino mkamwiniyu, tisamunamizire, wogulitsa inshuwalansi, waulemu mpaka kutopetsa, koma wosadziwa chochita ndi munthu wosayankha. Anasinthasintha matchanelo, foni yake n'kulira, iye n'kutuluka kukayankhira pakhonde, kanema atamusiya pamene chala chinaimira.

Pulogalamu imene inalipo inali ya anthu akalekale opeka nyimbo zazitali zopanda mawu, zimene wofotokoza ankazitcha masimfone. Anaonetsa chithunzi cha bambo wa tsitsi losapesa, kenako kachipinda kozizira kamene ankagonamo, kenako manda ake. Wofotokozayo ankalankhula motsitsa ngati kuchipinda kuli wakhanda. Kenako kanema anadzaza ndi anthu ovala zakuda, mizeremizere, ena akucheka mavayolini, ena atatupitsa masaya pa malipenga, kutsogolo kwawo kutaima mkulu wina woonda akugwedeza kandodo. Nyimbo inayamba pansipansi, n'kumakwera, n'kumakwera, ngati injini imene wina waiponda moto galimoto ili pa jeke, mpaka ng'oma zinagunda zonse pamodzi.

Misozi inangoti mbwee. A Makaniko anapsa mtima. Iwo nyimbo zawo zinali za magitala, zoti sipanala izivina m'manja, osati izi zosadziwika poyambira ndi pothera. Anakweza dzanja lamanzere n'kukupiza chakukanema kuti wina azimitse chinthucho. Anakupiza, anakupizanso, uku akubuula.

Mkamwini polowa anaima pakhomo, kukamwa yasa. Anayang'ana mkulu wa kandodo pakanema, anayang'ana apongozi ake, dzanja lili m'mwamba, nkhope ili chonyowa.

"Akazanga, tabwerani msanga mudzaone! Bambo akutsogolera nyimbo!"

Wachisamba anabwera akupukuta m'manja, ndipo ataona, nayenso anayamba kulira. Chidwalire bambo ake anali asanaonepo chizindikiro choti m'kati muja muli chimene chikuwasangalatsa. Anagwada pambali pa mpando n'kugwira dzanja lomwe linkapempha kuti azimitse lija, n'kuliika patsaya pake.

Mayiwo atabwera n'kuuzidwa, anaika pansi kathumba ka mankhwala n'kuseka.

"Abambo awa? Nyimbo zimenezi? Inetu munthuyu ndakhala naye asanamere ndevu. Izi sanaziyambepo."

"Mayi, matendawa amadzutsa zinthu zimene zinagona m'mutu," anatero mkamwini, amene anali atawerenga kale zimenezo pafoni. "Mawa mudzadzionera nokha."

Mawa lake anadzioneradi. Nyimbo itangokwera, misozi iyo, dzanja ilo. Mayiwo sanasekenso.

Tsoka lake, pulogalamuyo inkaonetsedwa tsiku lililonse masana, nthawi yomwe ija ya kampando ndi mabatani. Ana popita kuntchito ankasiya malangizo kuti isawadutse bambo. Masiku oyamba mayiwo ankayatsa kanema n'kukhala pamalo pawo pomwe paja, n'kuyesa kulowetsa nkhani ya firiji pakati pa malipenga. Koma akangoyamba, ankaona mwamuna wawo akukupiza dzanja mwaukali, nkhope ili kukanema, poti khosi silinkatembenuka msanga. Iwo anamva kuti akuuzidwa kuti akhale chete. Tsiku lina anangotola singano ndi ulusi wawo.

"Chabwino, abambo. Ndakusiyirani anzanuwo."

Ananyamula kampando kupita nako kukhonde lakuseri, ndipo sikanabwererenso pabalaza.

Mkamwini ndiye anachita kuonjeza. Anagula chimkuzamawu choika pansi pa kanema kuti ng'oma zizimveka mpaka m'chifuwa. Anafufuza zigawo zakale za pulogalamuyo kuti m'mawa ndi madzulo bambo asasowe. Tsiku lina anabwera ndi kandodo koyera, kosalala, n'kuwafumbatitsa m'dzanja mwaulemu wonse. A Makaniko anakaponya ndi mphamvu zawo zonse, kanakagunda kabati.

"Mwaona? Mphamvu zikubwerera!" anatero mkamwini akukatola. "Sabata yatha sakanatha kuponya chonchi."

A Makaniko anayesa nzeru ina. Anaganiza zodzisandutsa chipika, kutsinzina, dzanja kulipanira pansi pa ntchafu, kuti anthu aone kuti munthuyu zamutopetsa. Koma masiku omwewo wofotokoza uja anali atanena kuti odziwa kumvetsera nyimbo zimenezi amamvetsera atatsinzina. Wachisamba atawapeza chomwecho, misozi ikutuluka m'zikope zotseka, anabwerera chambuyo monyang'ama n'kukauza amayi ake kuti asalowe, bambo afika patali.

Motero anakhala pampando paja n'kuwadziwa opeka nyimbo aja mmodzimmodzi, mofuna mosafuna. Onse, mwa kuona kwawo, anali anthu osadziwa kudzisamala. Uyu anakangana ndi bwana wake, uyu anakanidwa ndi mkazi n'kukalemba nyimbo yotalika kuposa ulendo wa pa sitima, uyu anatsokomola mpaka kufa. Panalibe ndi mmodzi yemwe wooneka kuti angathe kusintha tayala. Mwa gulu lonse lovala zakuda lija, a Makaniko ankamvera chisoni munthu mmodzi, woimba ng'oma wakumbuyo kwenikweni. Anzake onse ankakhala ali kalikiliki, iye atangokhala, timitengo tili pamaondo, maso ali pa mkulu wa kandodo, kudikira kuti mwina amukumbukira.

Kumapeto kwa pulogalamu iliyonse kunkakhala kagawo ka maganizo a oonera. Ankawerenga mauthenga ndi kuonetsa timakanema timene anthu atumiza. Namwino wina anati nyimbozo zimamutsitsa mtima akaweruka. Mayi wina anathokoza kuti mwana wake amagona msanga zikayamba. Bambo wina anakalipa kuti amuchotsera mpira chifukwa cha anthu akufa. Ameneyo a Makaniko anamukonda, anafuna atamugwira chanza.

Lamlungu lina mkamwini anaitana nyumba yonse pabalaza, nkhope ili ngwee. Ngakhale mayiwo anawaitana kukhonde kuja, anabwera n'kuima kumbuyo kwa mpando. Nyimbo zitatha, wofotokoza anatsitsa mawu kuposa masiku onse. Anati alandira kanthu kamene kawagwetsa misozi onse ogwira ntchito kumeneko.

Pakanema panaoneka nkhalamba yopindika pakamwa, kathaulo kali pachifuwa, dovu likutsikira pachibwano, ikulira ngati mwana, dzanja likupalasa m'mwamba. Zinawatengera kanthawi a Makaniko kuti azindikire malaya awo. Mkamwini anali atawajambula pafoni n'kutumiza. Chidwalire anali asanadzione pagalasi. Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti matenda anawalanda mawu koma nyimbo zawabwezera chimwemwe.

Iwo anali munthu wosalola kujambulidwa atavala ovolosi yamafuta, ankayamba wakasamba. Lero dziko lonse linawaona dovu. Anabuula ndi mawu onse amene anatsala nawo, ndipo wachisamba anawasisita paphewa.

"Adzizindikira! Bambo, ndinu amene! Mwatchuka!"

Mafoni analira mpaka madzulo. Anzawo akale a kugalaja anaimba, akuseka, kuti kodi mkuluyu ankatibisira zimenezi pansi pa magalimoto? Achibale amene sanabwereko kuchipatala anatumiza mauthenga a mitima ndi maluwa. Mayiwo ankangoti zikomo, zikomo. Kenako inalira foni imene a Makaniko ankaiopa, ndipo poti mayiwo anali ataima pafupi, mawu a mzime ankamveka bwinobwino.

"Ndawaona bambo pakanema, amayi. Ndalira. Koma ali bwino, ali ndi chowasangalatsa. Ine ndiye sindili bwino. Dzulo ndagwa kubafa ndili ndekha m'nyumba."

A Makaniko anamva dzanja la akazi awo likugwira kumsana kwa mpando.

"Ndamva, mwana wanga. Ndibwera."

Masiku otsatira anali a zokonzekera. Anapeza mayi wina wosamalira odwala, wamphamvu, wosalankhulalankhula, n'kumuonetsa mankhwala, mathaulo ndi batani la tchanelo. Ankakambirana zonsezi pamaso pa a Makaniko, mokweza, mwansangala, monga anthu amene apeza njira yabwino kwa aliyense. Ulendowo unali wa miyezi, mpaka mwana abadwe ndi kulimba. Palibe ananena poyera, koma aliyense ankadziwa zimene adokotala ananena, zoti sitiroko imakonda kubwereza. A Makaniko ankadziwa kuti mwina akazi awo pobwera adzapeza mpando wokha.

Ankadzikalipira okha. Mwana wagwa kubafa, iwe ukulirira nkhani za firiji? Akanakhala ndi pakamwa mwina akanati pita ndithu, mwana ndi wathu tonse. Koma akanatero eni ake, mayiwo n'kupita akudziwa chimene akusiya. Chimene chinkawadya mtima chinali choti akazi awo apita akukhulupirira kuti alowedwa m'malo ndi anthu a malipenga.

Tsiku la ulendo, atatha kudya masana, mayiwo anatuma mkamwini kukaika zikwama m'galimoto, wachisamba kukawadzazira madzi m'botolo. Kenako analowa pabalaza atavala diresi lawo la ulendo, atanyamula kampando kaja. Anakaika kumanzere n'kukhala. Kanema anali wozima. M'nyumba munali zii, moti firiji inkamveka kukhitchini.

"Abambo, ine ndikupitatu."

A Makaniko anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa akazi awo.

"Mankhwala ndamuonetsa mayi uja. Zikhadabo ndamuuza kuti asamawenge kwambiri chala chachikuluchi, chimakupwetekani." Anayang'ana pansi. "Pali chimene chikundiwawa, ndinene ndisanapite. Zaka zonsezi ine ndimati ndimakudziwani. Ndimadziwa kutsokomola kwanu, ndimadziwa mukanama, ndimadziwa mukakwiya musanadziwe nokha. Ndiye lero ndidzamve kwa mkamwini kuti mwamuna wanga amakonda chiyani? Munali nazo mumtima zimenezi osandiuza? Kapena munkaona kuti ine sindingazimve?"

Dzanja linafinya mkono uja mpaka mitsempha kuoneka. A Makaniko anasonkhanitsa mpweya wonse, anakankha lilime, anakankha milomo. Ankafuna mawu amodzi okha. Chinatuluka ndi kubuula komwe kuja, ndi dovu, limene mayiwo analipukuta ndi kathaulo osaganizira n'komwe.

"Mukundifinya. Ndiye kuti chiyani, pita kapena khala?" Anasendera pafupi. "Ndikufunsani zoona, abambo. Mukati ndikhale, nditsitsa zikwama m'galimoto muja, mwanayo timupezera njira ina. Ndisapite?"

A Makaniko anati avomere, mutu unapita cham'mbali. Anati abwezere, unagwera pachifuwa n'kukhala pomwepo. Mayiwo anawagwira chibwano n'kuwadzutsa nkhope, monga ankachitira powameta, n'kuwayang'ana m'maso. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo a Makaniko anadziwa chimene ankafunafuna.

Anaiitana misozi ija. Anakumbukira maliro a mayi awo, anakumbukira tsiku limene anagwa m'galaja masipanala ali m'manja, anaganiza za mpando wopanda munthu. Chifuwa chinadzaza mpaka kupweteka. Koma m'nyumba munali phee, munalibe ng'oma, munalibe lipenga, ndipo misozi ya matenda ija sinkadziwa za chisoni. M'maso munali mouma gwa.

Mayiwo anasiya chibwano chija pang'onopang'ono.

"Chabwino," anatero motsitsa. "Ndinangofuna ndidziwe. Ndipita mtima uli m'malo."

Koma mawu awo sanali a munthu amene mtima uli m'malo. Anamasula zala za mwamuna wawo pamkono, chimodzichimodzi, n'kuika dzanjalo pantchafu, n'kulisisita. Anakonza kolala ya malaya, anaimirira.

Mkamwini analowa akugwedeza makiyi, wachisamba ali pambuyo ndi botolo la madzi.

"Mayi, tinyamuke, basi ingatisiye." Anayang'ana apongozi ake aamuna, n'kuwamvera chisoni. "Tisawasiye chete chonchi, angayambe kuganiza. Nthawi yakwananso kale."

Anatola rimoti. Anthu ovala zakuda aja anatulukira ali pakati pa nyimbo, mavayolini akuthamanga, mkulu wa kandodo tsitsi lili m'mwamba. Chimkuzamawu chinanjenjemeretsa matailosi. Malipenga anakwera, ng'oma zinagunda, ndipo misozi ya a Makaniko inakhuthuka yonse nthawi imodzi, kutsikira m'masaya, m'khosi, mpaka pakathaulo. Dzanja linanyamuka lokha kulunjika kukhomo kumene akazi awo anaima, likukoka mpweya, likuitana.

"Mwaona, amayi?" anatero wachisamba akumwetulira. "Musadandaule. Ayamba kale."

Mayiwo anaima pakhomo, chikwama cham'manja chili pamkono. Anayang'ana nkhope yonyowayo, imene posachedwapa inali youma pamaso pawo. Anayang'ana kanema.

"Ndaona," anatero. "Tiyeni."

Potuluka anatseka chitseko mosamala kuti chisasokoneze nyimbo.